Filimu ya Supercross ija mwaiona bwanji?

Wa ku Nchalo: Abale dzulo ndaonera Supercross ya 2005 ija ku vidiyo, ya anyamata awiri apachibale ochita mpikisano wa njinga zamoto, koma ine sinandigwire mtima olo pang'ono. Ndine ndekha kapena?

Wa ku Bangula: Simuli nokha achimwene, nkhani yake njozizira, ikangoyamba wadziwiratu mathero ake. Channing Tatum alimo koma palibe chomwe wachitapo.

Wakabaza wa pa Ngabu: Ine yandisangalatsa polumpha pokha, njinga ili m'malere fumbi lili koboo! Koma chikundiwawa nchakuti ana athu akutengera zomwezi potsika Thabwa opanda helemeti pomwe anzathuwo amavala zodzitetezera thupi lonse, mphwanga anathyoka mwendo chaka chatha mpaka pano akutsimphina.

Wa ku Nchalo: Pepani achimwene, makhota a Thabwa ngoopsa zedi makamaka mabuleki akatentha.