Microlut kapena Microgynon, kodi ndingasinthe ndekha?

MakeMwana_Lizulu

Amayi anzanga ndithandizeni nzeru pliz. Mwana wanga ali ndi miyezi 7, akuyamwabe koma phala anayamba, ndipo ine kumwezi ndayambiranso mwezi wathawu. Ku sikelo anandipatsa mapilitsi olera a Microlut, aja a timbewu 35 tofanana tonse, anati ndizimwa nthawi imodzimodzi daily nde ndinasankha 8 koloko usiku. Vuto ndi loti ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu pano, masiku okaoda ku Tsangano galimoto ikavuta timafika pakhomo mwina cha m'ma 12 nde ndimamwa nthawi imeneyo. Anzanga oyandikana nawo benchi akuti angawa ngofooka, iwo amamwa Microgynon ndipo ali ndi paketi yapadera akufuna andigayire. Ndingangoyamba? Nthawi ya pakati BP inkandikwera mpaka anandigoneka. Komanso apongozi akuti mapilitsi amaunjikana m'mimba mpaka kupanga chotupa, zimenezi zikundisowetsa tulo.

Nesi wopuma, Dedza

Mwanawe paketi ya anzakoyo usalandire, uyambe wakayezetsa BP. Mapilitsi awiriwa si amodzi. Microlut ili ndi holomoni imodzi yokha, nchifukwa chake amapatsa oyamwitsa, sichepetsa mkaka. Microgynon ili ndi awiri, winayo ndi estrogen, ameneyu ndi amene safunika kwa mayi amene BP yake yafika 140/90 kapena kuposa, wosuta fodya amene wakwana zaka 35, amene anadwalapo stroke kapena magazi kuundana m'mwendo, khansa ya m'bere, komanso amene amadwala mutu wa ching'alang'ala uja umayamba ndi kuona ngati mphezi m'maso. Poti mwana wadutsa miyezi 6 kuyamwitsako sikukuletsanso, koma mbiri ya BP ija ndi imene ikufunika makina, osati kungoti ndikudzimva bwino. BP imakwera mwakachetechete.

Za kufookazo si zoona, kungoti Microlut safuna kuphonya nthawi. Amagwira ntchito kwambiri polimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse, ndipo mphamvu imeneyo sichedwa kutha. Ukachedwa maola oposa 3, ngati mmene ukunenera kuti 8 mpaka 12, umwe pompo ukangofika, mawa lake upitirize nthawi yako ija koma masiku 2 otsatira mugwiritse kondomu kapena mudikire kaye. Apa ndikutsindika chifukwa kumwezi wayambiranso, chitetezo ku mimba chimene kuyamwitsa kumapereka chinatha. Ngati munagonana m'masiku 5 apitawa utachedwa chonchi pita ukafunse mapilitsi a pangozi lero lomwe, amagwira bwino ukafulumira. Ukasanza pasanathe maola 2 utamwa, imwa kena.

Omwa mosaphonya, pa amayi 100 safika ndi mmodzi yemwe wotenga mimba pa chaka. Koma mmene anthufe timamwera, kuyiwala apa kuchedwa apo, amakhala pafupifupi 7 pa 100. Nde kusiyana konseko kuli pa kamwedwe.

Apongoziwo uwayankhe mwaulemu, nawonso anamva kwa ena. Tenga kambewu kamodzi ka paketi yotha ntchito uponye m'kapu ya madzi aone mmene kasungunukire. M'thupinso ndi chimodzimodzi, kamasungunuka, kugwira ntchito nkutuluka, nchifukwa chake timamwa tsiku ndi tsiku, akanakhala kuti amaunjikana bwenzi kamodzi kakukwanira mwezi. Ndipo ukasiya kubereka kumabwerera msanga, osati ngati jakisoni wa Depo amene ena amadikira miyezi ingapo. Za khansa ndinene zonse, a maholomoni awiri aja amachepetsa khansa ya mkati mwa chiberekero ndi ya mabasiketi a mazira, ya m'bere chiopsezo chimakwerako pang'ono kwambiri nthawi imene ukumwa.

NaNgozo wa ku Bawi

Ine ndingoonjezerapo za mankhwala ena chifukwa zinandichitikira. Ndinkamwa Microgynon bwinobwino osadumphitsa olo tsiku limodzi, kenako ndinapezeka ndi TB nkuyamba mankhwala aja a miyezi 6, amene anandipatsa sanandifunse ngati ndikulera nanenso sindinadziwe kuti zikukhudzana. Ndinangozindikira ndili ndi mimba thupi lisanabwerere nkomwe, ndinavutika amayi inu. Pambuyo pake ndi pamene wina anandifotokozera kuti rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo, amapangitsa chiwindi kuphwanya mapilitsi mwachangu, onse awiri Microlut ndi Microgynon yomwe. Ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbital akutinso chimodzimodzi. Nde kulikonse mukukalandira mankhwala muzinena nokha kuti ndikumwa mapilitsi olera, osadikira akufunseni, pa mzere wautali uja alibe nthawi.

Bambo wa ku Bembeke

Pepani ndalowerera za amayi koma ifenso zimatikhudza. Mayi a kunyumba nawo ndi a geni ya tomato, chimene tinapanga nchoti paketi imakhala mu kachikwama ka ndalama kaja amamanga m'chiuno, alamu ikalira amamwa pompo kaya ali pa lole kaya pa maliro, ndipo alamu ina ili mu foni mwanga ndimawaimbira. Osangoti paketiyo izikhala padzuwa. Azibambo anzanga masiku 2 a kondomu si chilango ayi, komanso tisaiwale mapilitsi sateteza HIV kapena matenda opatsirana pogonana.

MakeMwana_Lizulu

Zikomo nonse, anesi mwanditsegula m'maso. Paketi ija ndawabwezera eni ake, Lachiwiri ndipita ku sikelo akandiyeze BP. Funso lina, magazi akumabwera pang'onopang'ono pakati pa mwezi, ndisiye?

Nesi wopuma, Dedza

Usasiye, kudonthezako nkofala ndi Microlut ndipo si matenda. Akachuluka mpaka kumva chizungulire, kapena pakhale kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba mbali imodzi, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Lachiwirilo uwauzenso anamwino za maulendo a ku Tsangano aja, ufunse za Jadelle kapena Implanon, njira zolera zoika pa mkono, kapenanso lupu, zimenezo sizisowa wotchi ndipo oyamwitsa amaika bwinobwino.