Khomo lachiwiri lilipo, koma palibe watulukirako

Foromani: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tamaliza kukonza hostelo ya atsikana pa sukulu ina yogonera pompo. Makomo alipo awiri, lakumaso ndi lina kumapeto kwa kolido, kuseri kwa mabafa. Dzulo analiza belu loyeserera kuthawa moto, ana onse n'kukhamukira lakumaso mpaka kupondana. Lakumbuyo sikunapite ngakhale mmodzi. Ndikhome zikwangwani?

Wojambula mapulani: Chikwangwani pachokha sichingathandize, achimwene. Munthu akadzidzimuka amathamangira khomo lomwe miyendo yake inazolowera. Ku America, moto wa mu 2003 pamalo achisangalalo a The Station, ku Rhode Island, unapha anthu 100. Makomo ena analipo, koma unyinji unakapanikizana pomwe unalowera. Tandiuzani, mwana akaima pakati pa kolido, khomo lakumbuyolo amaliona?

Foromani: Ayi, chipupa cha mabafa chimatchinga, mpaka ukhote kaye. Komanso limakhala lokiya masiku onse, a matironi amaopa akuba.

Wowotcherera: Apo ndiye mtima wanga wapita. Ku Kyanguli, ku Machakos m'dziko la Kenya, anyamata 67 anafera mu hostelo mu 2001. Khomo lina linali lokiya, m'mawindo muli zitsulo. Zitsulozo timawotcherera ndife tomwe. Ine masiku ano ndimachonderera eni ake kuti windo limodzi pa chipinda chilichonse likhale ndi zitsulo zotseguka cham'kati.

Kalipentala: Nkhawa ya a matironi ndi yomveka, tisawanyoze. Chotsani loko, muike chotsekera chongokankha ukakhala m'kati, wakunja sangatsegule. Mahinjesi atembenuzidwe kuti chitseko chizitsegukira kunja. Chotsegukira m'kati, anthu akachiunjikira kumbuyo, sichitheka.

Wojambula mapulani: Zoona, koma chachikulu n'choti khomolo lizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Zingwe zoyanikira zovala zili kuti? Zisamutsireni kumbuyoko, ana azidutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo. Pamwamba pa khomo pakhale nyale ya sola, poti usiku magetsi akazima mwana amatsata kuwala. Chipupacho ngati sichinasenze denga, chidulidwe kuti khomo lizioneka.

Foromani: Sichinasenze, n'chogawira chabe. Mawa ndikakambirana ndi ahedi za mtengo wake. Tikamaliza ndiwapempha tiyeserenso chakumadzulo, mphunzitsi mmodzi ataima pakhomo lakumaso ngati ndi pomwe pali moto. A kalipentala, mundisungire Lachinayi.

Kalipentala: Ndibwera. Munditumizire miyezo ya felemu lero lomwe.