Kodi a Nation of Islam ndi Asilamu enieni?

Kalulu_wa_nzeru: Abale tandithandizeni, ndakhala ndikuonera mavidiyo a Farrakhan wa gulu la Nation of Islam pa YouTube ndiye ndasokonezeka. Anthu awawa ndi Asilamu ngati ena onse kapena ndi kagulu kapadera?

Mayi_a_mapasa: Ndi kapadera achimwene. Gululi linayamba 1930 mumzinda wa Detroit ku America ndi Wallace Fard Muhammad, munthuyo anangosowa mu 1934 ndiye Elijah Muhammad anatenga utsogoleri nkumaphunzitsa kuti Fard uja anali Mulungu mu thupi, apa ndi pomwe Asilamu ena amakanira zedi. Malcolm X, mmodzi wa atsogoleri ake otchuka, anatulukamo 1964, atapita ku Mecca anaona azungu akupemphera limodzi ndi akuda maganizo ake nkusintha.

Chidzete: Koma tisamangowanyoza, nthawi imeneyo tsankho linali lowawa ku America, munthu akakuuza kuti khungu lakoli ndi la ulemu, siya mowa, tsegula bizinesi yako, ungakane? Marasta ku Jamaica nkhani yake ndi yomweyo, Haile Selassie atavekedwa ufumu ku Ethiopia 1930 anthu anati mpulumutsi wafika.

Kalulu_wa_nzeru: Nanga Farrakhan walowa pati?

Mayi_a_mapasa: Elijah atamwalira 1975 mwana wake anatengera gululo ku Chisilamu cha Sunni chomwe Asilamu ambiri amatsatira, Farrakhan sanagwirizane nazo, anadzutsanso chiphunzitso chakalecho.