Tanthauzo la mwambi woti "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina"

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeniko pa mwambi uwu. Ambiri amaumasulira ngati chenjezo, kuti usakhulupirire munthu poti akukusekerera, sudziwa chomwe wakukonzera. Koma mtima wotchulidwa apawu ndi wa chiwembu chokha, kapena ndi maganizo onse a munthu? Ndafunsa chifukwa pali mtsutso woti kodi munthu amaganiza ndi mawu kapena ndi zithunzi, ndipo ndikuona ngati mwambiwu ukukhudza pomwepo.

Mbewe: Mayi Nachisale, m'Chichewa mtima suli wa chikondi ndi chidani chokha. Timaloweza pamtima, timanena chamumtima, wokayika timati ali ndi mitima iwiri. Ntchito zomwe lero timati ndi za ubongo, makolo ankazipereka ku mtima. Tsidya ndi mbali ina ya mtsinje. Uli tsidya lino, linalo umaliona ndithu, mitengo ndi utsi womwe, koma zochitika pansi pa mitengoyo suzidziwa. Mwambiwu sukunena kuti kumeneko kuli zoipa, ukungoti sunafikeko. N'chifukwa chake umanenedwa pomwe wina wapusitsidwa ndi yemwe ankamudalira, komanso podzudzula munthu wokonda kuyankhira anzake, uja amati "ndikudziwa chomwe akufuna" asanawafunse.

Nkhoma: A Mbewe afotokoza bwino, ine ndiwonjezere za zithunzizo. Mu 1880, Francis Galton wa ku England anapempha anthu kuti akumbukire tebulo lomwe anadyerapo m'mawa, anene ngati chithunzi cha m'maganizocho chinali chowala, chooneka bwino, komanso ngati mitundu ya zinthu inkaoneka. Ena anati akuona zonse ngati zili pamaso pawo. Ena, kuphatikizapo asayansi anzake, anati sakuona kalikonse, ndipo ankayesa kuti zoona m'maganizozi ndi kuphiphiritsa chabe. Aliyense ankaganiza kuti mmene alili iye ndi mmene alili anthu onse.

Dzina la mkhalidwe wosaona zithunzi m'maganizowu, aphantasia, linabwera mu 2015 kuchokera kwa Adam Zeman wa ku yunivesite ya Exeter. Iye anayamba ndi bambo wina wa zaka 65 yemwe zithunzi za m'maganizo zinamuthera atathandizidwa mitsempha ya mtima kuchipatala. Nkhaniyo itafalitsidwa, ena analemba makalata kuti iwo chibadwire sanaonepo chithunzi chotere. Blake Ross, mmodzi mwa omwe anayambitsa Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, analemba pa Facebook mu 2016 za kudabwa kwake atazindikira kuti anzake amaonadi gombe la nyanja akalitchula. Ed Catmull, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya makatuni ya Pixar, nayenso ali m'gulu lomweli. Choncho si matenda, ndipo sikuchepa nzeru.

Muyeso wofala wa zithunzi za m'maganizo ndi wa David Marks wa mu 1973, wotchedwa VVIQ. Uli ndi mafunso 16. Amakuuzani kuti muganizire nkhope ya m'bale wanu, kutuluka kwa dzuwa ndi zina, inu n'kupereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5 malinga ndi mmene chithunzicho chaonekera, ndiye zonse pamodzi zimakhala pakati pa 16 ndi 80. Vuto lake ndi lomwe mwambi ukunenalo: 4 wanga sangafanizidwe ndi 4 wanu, poti palibe woona zonse ziwiri. Gulu la Joel Pearson ku Sydney linapeza podutsira mu 2022 poyeza mwanadiso. Munthu woona zithunzi akaganizira chinthu chowala, mwanadiso wake amachepa ngati waonadi kuwala, koma wa munthu wa aphantasia sasintha chotero.

Nangondo: Ku mbali ya mawu nakonso n'chimodzimodzi. Russell Hurlburt, wofufuza za maganizo wa ku Las Vegas ku America, amapatsa anthu kachipangizo kolira nthawi zosayembekezereka, pafupifupi ka 6 patsiku. Kakalira, munthu amalemba chomwe chinali m'maganizo mwake kasanalire, kenako amafunsidwa mwatsatanetsatane pasanathe maola 24. Pa kafukufuku wa mu 2008 wa ophunzira 30, kuyankhula chamumtima kunapezeka pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi alionse. Koma nambala imeneyi imabisa zambiri: ena sanapezeke nako n'komwe, pomwe wina anafika 75 peresenti.

Mungayese ndi foni. Wina akuikireni ma alamu pa nthawi zomwe inu simukuzidziwa, chifukwa mukaika nokha mumayamba kudikirira ndi kukonzeratu yankho. Ikalira, lembani za kamphindi komweko basi, osati za ola lonse. Ngati munali mawu, lembani mawu enieniwo. Mukalephera kuwatchula, kayikirani ngati analipodi. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: kulemba kumafuna mawu, ndiye ganizo lomwe linalibe mawu limavekedwa mawu papepala, mwiniwake n'kumakhulupirira kuti linabwera choncho. Za tsiku loyamba musaziwerengere, ndi lophunzirira.

Nachisale: Zikomo nonse. Nanga ngati mulibe mawu, mulibenso chithunzi, munthuyo akuganiza ndi chiyani?

Nangondo: Ganizo limatha kukhalapo lopanda zonse ziwiri, ndipo Hurlburt analipeza kawirikawiri ndithu. Chitsanzo chapafupi ndi pomwe munthu mukumudziwa bwino koma dzina lake likukana kubwera: chomwe mukufuna kunena mukuchidziwa, liwu ndilo palibe. Umboni wamphamvu ndi wa anthu omwe ubongo wawo unavulala mbali ya chiyankhulo. Mu 2005, Rosemary Varley ndi anzake ku Sheffield anayesa amuna atatu omwe sankathanso kulumikiza mawu kukhala chiganizo. Masamu ankawakhoza, ngakhale okhala ndi mabulaketi, ndipo ankasiyanitsa 59 kuchotsa 13 ndi 13 kuchotsa 59.

Mbewe: Tisausenzetse mwambi katundu wosakhala wake. Makolo ankanena za khalidwe ndi zolinga za munthu, za mwanadiso sankazidziwa. Ndingovomereza kuti ukukwanira, mayi, koma wina akakufunsani tanthauzo lake, yambani ndi lija la kusadziwika kwa zolinga za mnzako.

Nkhoma: Zoona bambo. Kwa ofuna kudziwa ntchito yomwe mawu a chamumtima amagwira, yesani izi. Lembani manambala 7, muwayang'ane masekondi 5, muwaphimbe, mudikire masekondi 10, kenako muwalembe osaonera. Bwerezani ndi manambala ena, koma ulendo uno muzitchula mokweza liwu limodzi mosalekeza kuyambira poyang'ana mpaka polemba. Ambiri amataya manambala angapo, chifukwa pakamwa patanganidwa ndipo sangathe kuwabwereza chamumtima. Liwulo likhale lopanda nambala, ndipo musapumire pakati, chifukwa kampata kochepa kamakwana kubwereza mndandanda wonse. Mu 2024, Johanne Nedergaard ndi Gary Lupyan anayesa anthu omwe amati sayankhula chamumtima kwenikweni. Iwo ankavutikirapo kusunga mndandanda wa mawu komanso kuzindikira ngati mayina a zinthu ziwiri zojambulidwa akumveka mofanana kumapeto, koma pakati pa omwe ankatchula mawuwo mokweza, kusiyanako sikunaonekenso.