Galasi la altimeter lang'aluka mu Dakota yathu, nditsegule?

Wa ku hangar, England: Anzanga, ndigawireni nzeru. Pa myuziyamu yathu tili ndi mutu wa ndege ya Dakota ya 1944, ndipo Loweruka lililonse ana amakwera kukhala pa mpando wa woyendetsa. Lero ndikupukuta mawotchi akutsogolo ndaona kuti galasi la altimeter, wotchi yoonetsa kutalika kumene ndege yakwera, lang'aluka kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Penti ya manambala yafiirira ngati shuga wopserera, tizidutswa tina tayoyokera m'kati. Ndinali nditagwira kale screwdriver kuti ndichotse fumbilo, koma mtima unakana. Pentiyi inapangidwa kuti iziwala mumdima, koma ndazimitsa magetsi, sikuwala n'komwe. Kodi ndiye kuti mphamvu yake inatha?

Mayi wa ku labu: Achimwene, ikani screwdriver pansi, mukasambe m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Kusawalako kusakupusitseni. Pentiyo ankasakaniza radium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa (radiation), ndi zinc sulphide. Chinkawala ndi zinc sulphide, ndipo ndi chimene chimafa pakapita zaka. Radium-226 imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, choncho ya 1944 idakali momwemo. Galasi likakhala lathunthu, fumbi limatsekeka m'kati. Likang'aluka, mungalipume kapena kulimeza, ndipo thupi limaitenga radium ngati calcium n'kukaisunga m'mafupa. N'zimene zinapha atsikana opaka mawotchi ku Orange, New Jersey, m'zaka za m'ma 1920: ankasongola burashi ndi milomo, nsagwada mpaka kuwola.

Makaniko wopuma, Gauteng: Amayi anena zoona. Ine ndagwira ndege za Harvard zaka zambiri, ndipo tili anyamata fumbi lotere tinkangoliuzira ndi pakamwa, panalibe wotiuza. Zimandipwetekabe mtima. Mwana wanga, mata tepi pa mng'aluwo, umasule wotchi yonse osaitsegula, uike m'mapulasitiki awiri, ulembe chizindikiro. Koma usaunjike ambiri m'kabati yotseka. Radium imatulutsa mpweya wa radon, umadzadzana m'menemo, wotsegula kabati ndiye amaupuma.

Mayi wa ku labu: Bambo, za radon ndagwirizana nanu, koma zomasula yekha ayi. Kugwedeza wotchiyo n'kumene kungakutumule fumbi. Ku Britain malamulo a Ionising Radiations Regulations 2017 amafuna kuti olemba ntchito afunse Radiation Protection Adviser, katswiri wolangiza za kudziteteza ku cheza choopsachi. Ameneyo abwere ndi Geiger counter, chida choyezera chezachi, apukute pansi, pa mpando ndi pa chiongolero n'kukayeza. Kufikira tsikulo pasalowe munthu, pasasesedwe, ndipo vacuum isayandikire. Nsanza imene munapukutira ija musaitaye m'bini, imangeni m'pulasitiki, nayonso ayeze.

Wa ku hangar, England: Nsanzayo ndaimanga. Vuto ndi abwana. Akuti Loweruka kukubwera ana asukulu, ndipo mawotchi tikawachotsa patsala mabowo okhaokha ngati m'kamwa mopanda mano. Kunena zoona nanenso zikundiwawa. Ana amakonda kugogoda pagalasi ndi chala kuti aone ngati singano isunthe, ena amachita kugunditsa mphuno.

Wosunga zakale, Scotland: Chala chimenecho n'chimene chikalowa m'kamwa pa nthawi ya chakudya, achimwene. Abwanawo auzeni za Dalgety Bay ku Fife. Nkhondo yachiwiri itatha, zotsalira za ndege za pa bwalo la Donibristle, kuphatikizapo mawotchi opakidwa radium, zinatenthedwa, phulusa n'kukwiriridwa m'mbali mwa nyanja. Mu 1990 anthu anayamba kupeza tizidutswa ta radium pa gombe, ndipo ntchito yoyeretsa inadikira zaka zoposa 30. Za mabowozo musade nazo nkhawa. Ife tinajambula nkhope ya wotchi iliyonse, tinasindikiza pa muyeso wake weniweni, n'kuika kuseri kwa galasi latsopano. Mawotchi enieniwo ali m'sitolo yopita mphepo, lililonse ndi nambala yake ndi chithunzi cha pamene linali, kuti mbiri ya ndegeyo isasokonekere. Pa chikwangwani tinalemba poyera kuti awa ndi ofanizira ndi chifukwa chake. Akuluakulu amaima nthawi yaitali kuwerenga pamenepo.

Wa ku hangar, England: Zikomo nonse. Ndamanga chingwe pa masitepe, abwana avomera kuti ana aonere panja. Katswiri abwera Lachinayi. Amayi, nanga kampasi? Galasi lake lili bwinobwino koma penti ndi yofiirira chimodzimodzi.

Mayi wa ku labu: Ilembeni pa mndandanda, pamodzi ndi timaswichi ndi tizogwirira tonse tokhala ndi kadontho ka penti kunsonga. Timeneto tilibe galasi n'komwe, ndipo ana amatigwira ndi manja. Auzeni ayambire pamenepo.