Alamu anga anatisiya: ndiwatonthoze bwanji mlongo wanga ndi ana ake?

Malume wa ku Mpondasi

Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa nkhani imene ili pamtima panga yandikulira. Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, anatisiya masabata atatu apitawo atadwala masiku owerengeka chabe. Uthenga unandipeza ku Johannesburg kumene ndimagwira ntchito, ndipo popeza malemuwo anali Msilamu, anaikidwa m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinakwera basi m'mawa mwake, koma pofika ku Mangochi ndinapeza anthu atayamba kale kubalalika pasiwa, ndipo ine anangondiperekeza kukaona mtumbira.

Malemuwa anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo malaya awo ankamveka fungo la utuchi ndi phula ngakhale atachapidwa. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankakweza mwana wawo wotsiriza panjinga, n'kukamusiya pachipata penipeni pa sukulu asanapite kuntchito. Pamene mlongo wanga anadwala kwa miyezi iwiri atabereka mwana ameneyu, alamu anga ndi amene ankatunga madzi kumjigo, kuchapa matewera ndi kuphika nsima, moti amuna anzawo ankawanena kuti anadyetsedwa kondaine, koma iwo sanasiye ngakhale tsiku limodzi. Pa zaka 17 za banja lawo sindinaitanidwepo monga nkhoswe kuti ndikaweruze mlandu.

Tsopano mlongo wanga salankhula, ndipo chakudya amangochilawa. Mwana wawo woyamba, mnyamata wa zaka 15, wasiya kupita kusukulu ndipo amangokhala m'chisakasa chimene bambo ake ankagwiriramo ntchito. Sadaka ya masiku 40 ikuyandikira, ndipo akubanja andipempha kuti ndidzalankhule m'malo mwa mbumba yathu, koma ine ndine Mkhristu ndipo ndikuopa kulakwitsa mwambo. Mwezi wamawa ndiyenera kubwerera kuntchito. Kodi ndilankhule zotani pa tsikulo, nanga ndichite chiyani m'masiku ochepa amene ndatsala nawo kuno?

Mayi wa ku Malindi

Pepani kwambiri, achimwene, ndipo mundipepesere kwa mlongo wanuyo. Ine amuna anga anatsalira panyanja m'nyengo ya mwera zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, choncho zimene ndilembe pano ndi zimene ndinadutsamo ndekha.

Masiku a maliro enieni sindiwakumbuka bwino, chifukwa pakhomo panali podzaza ndipo aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima. Chisoni chinandigwira anthu atapita, mphasa zobwereka zitabwezedwa kwa eni ake. Nthawi yowawitsa inali ya madzulo dzuwa likamalowa kuseri kwa nyanja, pamene iwo ankakonzekera kulowa m'madzi ndipo ine ndinkawaikira mbatata yophika m'kambale. Kwa miyezi ingapo manja anga ankatengabe kambale kaja okha nthawi imeneyo ikakwana. Mufunse mwakachetechete kuti nthawi yotere kwa mlongo wanu ndi iti, kaya ndi m'bandakucha pamene njinga inkatuluka pakhomo, ndipo muonetsetse kuti pa nthawi imeneyo pazikhala munthu pafupi naye.

Amene anandithandiza koposa ndi mayi wina woyandikana nane, amene ankabwera ndi lichero la mpunga wake n'kukhala pakhonde panga n'kumasankha timiyala, osandifunsa kanthu. Tsiku lina anangoti, mukukumbuka mmene bambo a kuno anatigawira usipa chaka chija cha njala? Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, koma ndi tsiku lomwelo limene ndinadya nsima n'kuimaliza. Anthu ambiri ankapewa kuwatchula amuna anga poopa kundiliza, osadziwa kuti kukhala chete kwawoko kunkandipweteka ngati kuti munthuyo sanakhaleko ndi kale lomwe. Nkhani ya matewera ndi mjigo imene mwatilembera pano mukaifotokoze kwa mlongo wanu ndi kwa ana, makamaka kwa mnyamatayo, pakuti mwina iye anali wamng'ono ndipo sakudziwa kuti anthu ankawaseka bambo ake koma iwo osatekeseka. Akayamba kulira musamuletse, ndipo musafulumire kumuuza kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, chifukwa iye akudziwa kale zimenezo ndipo adzazinena yekha nthawi yake ikakwana.

Ndikupemphaninso kuti zovala ndi zipangizo za malemu zisachotsedwe mothamanga. Ine anandichotsera zonse sabata yoyamba pofuna kundichitira chifundo, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandisiyira chipewa chawo chokha.

Bambo wa ku Namwera

Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Mulungu awakhululukire malemu ndipo apereke kupirira kwa banja lonse.

Musade nkhawa ndi Chikhristu chanu, pakuti kuno ku Mangochi mabanja ambiri ali ndi Asilamu ndi Akhristu pa khonde limodzi, ndipo palibe amene adzayembekezere kuti inu mutsogolere duwa, pemphero la Chisilamu. Imeneyo ndi ntchito ya ashehe. Muwaone iwowo pasadakhale pamodzi ndi akuchimuna, muwafunse nthawi imene mudzapatsidwe mpata wolankhula. Dziwaninso kuti Asilamu sagwirizana onse pa za sadaka ya masiku 40: ena amaisunga monga anatisiyira makolo, pamene ena amati ilibe maziko m'chipembedzo. Inu musalowerere mkangano umenewo, mungotsatira zimene banja ndi mzikiti wa malemu agwirizana.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi eda. Mkazi wa Chisilamu amene mwamuna wake wamwalira amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku khumi monga Qur'an inalamulira, ndipo ngati ali woyembekezera amadikira mpaka atabereka. M'nyengo imeneyi amakhala m'nyumba imene ankakhala ndi mwamuna wake, sadzikongoletsa, ndipo satuluka pokhapokha pakhale chifukwa chenicheni monga kupita kuchipatala. Choncho inu mukamadzakwera basi, mlongo wanu adzakhala asanafike ngakhale theka la masiku amenewa. Funso loti mulikonze musanachoke ndi lakuti, ndani adzapita kuchigayo, ndani adzagula ndiwo kumsika, ndani adzaonekera kusukulu ana akaitanitsidwa makolo? Musasiye zimenezi m'manja mwa mawu akuti tidzathandizana, koma mutchule anthu ndi masiku awo pamaso pa onse.

Pa za chakudya, Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, atamva za imfa ya msuweni wake Ja'far analamula kuti anthu aphikire banja la malemuyo, chifukwa linali litagweredwa ndi chinthu cholitangwanitsa. Ndimamva chisoni ndikaona masiku ano zikutembenuka, mkazi wamasiye n'kugulitsa mbuzi yake yotsiriza kuti adyetse khamu la anthu. Monga malume, muime nji kuti mpunga ndi nyama za sadaka zichokere kwa abale ndi anansi, osati m'thumba la ana amasiye.

Polankhula musatalikitse. Muthokoze amene anasambitsa thupi, amene anakumba manda ndi amene anasenza jeneza, chonyamulira maliro, inu kulibe. Munene zabwino ziwiri kapena zitatu zimene munaziona ndi maso anu, ndipo mupemphe kuti aliyense amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anapereka ndalama ya boti limene silinathe, abwere poyera, chifukwa kwa ife ngongole ya womwalira imabwezedwa chuma chisanagawidwe.

Mlongo wina wa ku Monkey Bay

Ndikupepesa nawo. Ena angaone ngati n'kusowa ulemu kukamba za katundu misozi isanaume, koma ine ndaona ana ambiri a asodzi ndi amisiri akusauka chifukwa nkhaniyi inachedwa kukambidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Musanachoke, khalani pansi ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa amfumu, mulembe m'kope chilichonse chimene malemu asiya: macheka, ma pulena, matabwa, njinga, ndalama za pafoni ndi za kubanki ngati zilipo. Mukatengenso chikalata cha imfa kudzera ku ofesi ya kalembera ya NRB, ndipo ku ofesi ya DC pa boma akulangizani za kayendetsedwe ka chumacho. Sindikunena kuti akuchimuna ali ndi maganizo oipa, koma zolembedwa zimateteza ubale, chifukwa mawa palibe amene adzaloze mnzake chala.

Za mnyamatayo, musamukalipire. Iye akukhala m'chisakasamo chifukwa ndi mmene mwatsala fungo la bambo ake, ndipo n'kutheka kuti wina anamuuza pamaliro kuti tsopano bambo wa pakhomo ndi iyeyo. Mawu amenewo timawanena mosaganizira, koma mwana wa zaka 15 amawasenza ngati mtolo. Mukaonane ndi aphunzitsi ake kuti adziwe chimene chachitika, ndipo mumuuze momveka kuti udindo wodyetsa banja si wake.

Malume wa ku Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, mawu anu ndawawerenga mobwerezabwereza. Ashehe ndawaona dzulo pamodzi ndi achimwene awo a malemu, ndipo andilandira bwino kwambiri. Tagwirizana kuti za chakudya cha sadaka tisonkherane ife abale, ndipo Loweruka tikhala pansi pamaso pa amfumu kuti tilembe katundu. Azakhali a anawa avomera kudzagona pakhomo mpaka eda itatha.

Amayi a ku Malindi, munalondola. Nthawi yake ndi ya m'mawa. Njinga ija inali itatsamira khoma kuyambira tsiku limene alamu anga anagonekedwa, tayala lakumbuyo litaphwa, ndipo mlongo wanga ankadzuka n'kumangoiyang'ana pawindo. Ndinamupempha chilolezo, ndinakamatitsa chubu, ndipo lero ndamukweza mwana uja kupita naye kusukulu. Panjira anandiuza kuti bambo ake ankaimba belu kawiri akafika pa mtengo wa mango wa pafupi ndi chipata, ndipo ndinaimba kawiri monga anandiuzira. Pobwerera ndinapeza mayi ake ali pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni anandifunsa ngati ndamwa tiyi.

Madzulo ndinakakhala ndi mnyamata uja m'chisakasa muja, ndipo zinali monga munanenera, alongo a ku Monkey Bay: pali amene anamuuza kumanda kuti banja latsala m'manja mwake. Anandionetsa boti limene bambo ake analisiya litatsala matabwa anayi a m'mbali, ndipo anati sangapite kusukulu mwini wake asanalandire boti lake, chifukwa bambo ake sanabwezepo munthu chimanjamanja. Ndinamufotokozera za mjigo ndi matewera, ndipo tinalira tonse awiri. Mmisiri mnzawo wa malemu wavomera kumaliza botilo pamodzi ndi mnyamatayu masiku a Loweruka okha, ndipo iye walonjeza kuti Lolemba avala yunifolomu. Njingayo ndamuuza kuti ine ndikapita, ndi iyeyo amene azimukweza mlongo wake popita kusukulu, ndipo wandifunsa ngati nayenso aziimba belu pa mtengo wa mango uja.