Andidula ndalama mijigo nditaphwasula kale, nditani?

Mbewe (Ulónguè):
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Ndinawina obra (ntchito ya boma) yokonza mijigo 12 ya mtundu wa Afridev yomwe inaonongeka ndi madzi osefukira, kuphatikizapo kumanganso maziko ndi ngalande zake. Kontirakiti tinasaina, zonse zili bwino. Adiantamento (ndalama zoyambira ntchito) sindinatenge chifukwa chikole cha ku banki ndilibe, ndinangolowa ndi zam'thumba. Lero andiitana ku ofesi kukandiuza kuti bajeti yaunikidwanso, kabimento (ndalama zosungidwira ntchitoyi mu bajeti) yotsala ingokwanira mijigo 7. Pakamwa pokha, kalata palibe. Ati pitirizani, zotsalazo tidzaona chaka chamawa.

Tsono 9 ndaphwasula kale! Mapaipi ndi marodi zili pansi, mitu ya mijigo ndasungitsa kwa anyakwawa, amayi akukatunga ku dambo ndipo akandiona akungondiloza. Simenti ndinatenga pangongole. Mvula nayo ili pakhomo. Ndimalize 7 bwinobwino, awiriwo ndibwezeretse zakale? Kapena ndigwire yonse 12 koma zam'kati zokha, maziko ndiwasiye? A ku ofesi akukokera ku njira yachiwiriyi chifukwa pa lipoti padzaoneka 12. Amene munakumanapo nazo yankhulani.

aNgozo:
Adenda, pepala losintha kontirakiti. Popanda adenda musagwirenso sipanala.

Mbewe (Ulónguè):
Amalume, adenda ikamatuluka ndi Januwale. Anthu amwa chiyani?

aNgozo:
Funso limenelo kafunseni amene adula ndalamawo, koma mulembe pa pepala, adinde, kope limodzi musunge. Tamverani. Decreto 5/2016, lamulo la makontirakiti a boma, inkati kontirakita akakamizidwa kulandira kuwonjeza kapena kuchotsa ntchito mpaka 25% ya mtengo wa kontirakiti. Tsegulani Decreto 79/2022 yomwe inalowa m'malo mwake, muwerenge gawo losintha makontirakiti pamodzi ndi mawu a m'kontirakiti yanuyo. Kuchoka pa 12 kufika pa 7 ndi kupitirira 40%. Chimenecho sichinthu chongouzana mutaimirira pakhonde. Pafunika mgwirizano wolembedwa wonena mijigo iti yatsala, iti yachotsedwa, ndi zomwe mwagula kale alipira ndani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. "Chaka chamawa" ndi wapachala ameneyo.

Mayi NaPhiri (ofisikaliza ntchito za madzi):
A Mbewe, njira yachiwiriyo iwaleni. Ndimakwiya nayo kwambiri chifukwa ndalama zikachepa anthu amathamangira kudula simenti, pomwe chigumula chimapha mjigo kudzera pa simenti pomwepo. Madzi akakumba pansi pa maziko, phazi la mjigo limagwedera. Likagwedera mabushi amadyeka mbali imodzi, marodi amakhula paipi ya PVC mpaka kuiboola, ndipo chithaphwi cha pamwamba chimatsikira m'chitsime kudzera m'ming'aluyo. Mwaika U-seal watsopano, bobini watsopano, valavu yapansi yatsopano, koma anthu akumwa ndowe za ng'ombe. Munaona kolera wa 2023 mmene anatichitira kuno ku Tete ndi kutsidya ku Malawi.

Ine ndikanasankha motere. Yendani mijigo 9 mwaphwasulayo, muone omwe maziko ake angosweka ngalande koma phazi lili nji. Amenewo bwezeretsani ndi zida zotsika mtengo zokha: malabala, mabushi, O-ring. Ndalama zazikulu zipite komwe madzi analowa m'chitsime, komwe pafunika kompresa youzira matope, klorini, ndi maziko atsopano. Ndipo musathamangitse konkire. Ikufuna kuthiriridwa madzi masiku 7 anthu asanayambe kupopa, apo ayi Febuluwale isanathe idzakhala itang'aluka, garantiya ili pakhosi panu.

Madala Banda (Moatize):
Mwandikumbutsa namondwe Ana, Januwale 2022, pomwe mlatho wa pa Revúbuè unagwa. Ine ndinali ndi ntchito ya makalavati pa msewu wina wa fumbi, nditatsala pang'ono kumaliza. Madzi anabwera usiku, anatenga mchenga, miyala, matabwa a shatala, zonse. M'mawa mwake akuluakulu anafika ndi magalimoto, aliyense akuti madala tsegulani njira msanga, iyi ndi emerjensiya, ndalama zikubwera. Ndinatsegula. Ndinabwereka thirakitala, ndinalemba anyamata a m'mudzi momwemo, anagwira ntchito mvula ili pamsana. Njira itatseguka, magalimoto a chimanga atadutsa, ndikupita ndi fatula (pepala lolipiritsira) akundifunsa kuti ntchito imeneyi inalamulidwa ndi ndani? Amene anandiuza uja anali atasamutsidwa. Wolowa m'malo mwake munthu wabwino ndithu, koma anati mu sisitema mulibe mzere wa ntchitoyi, ndilipira potani? Anyamata aja ndinawalipira pogulitsa njinga yamoto. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

aNgozo:
Mwamva? Pepala.

Jere wamng'ono:
Koma mabwana, popeza mijigoyi inafa ndi chigumula, sizingatheke kuti 5 yotsalayo ilowe ku ndalama za INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi? Paja pali Fundo de Gestão de Calamidades, thumba la ndalama za ngozi zotere.

Mayi NaPhiri (ofisikaliza ntchito za madzi):
Thumbalo lilipo, linakhazikitsidwa 2017. Koma achimwene, kontirakiti ya a Mbewe inasainidwa ndi ofesi ina, pa mzere wina wa bajeti. Simungangonyamula fatula kuchoka khomo ili kukaponya khomo linalo. Komanso nyengo ya mvula ikamayandikira maso a kumeneko amakhala pa matenti, chakudya, mankhwala a madzi a Certeza ndi mabwato. Chomwe a Mbewe angachite ndi kupempha kuti mijigo 5 ija ilembedwe m'dongosolo la boma laling'ono la chaka chamawa, ndi dzina la mudzi uliwonse. Koma dziwani kuti ikalowa ngati ntchito yatsopano itha kupita ku mpikisano watsopano, n'kuwina wina.

Chisale (Tsangano):
Zonsezi gwero lake ndi limodzi. Chiyambire 2016 pomwe ngongole zobisika za boma la Mozambique zija zinaululika, opereka thandizo n'kusiya kuthira ndalama mwachindunji mu bajeti ya boma, mbali ya zomangamanga sinadzukenso bwino. Kenako TSU ya 2022, ndondomeko yatsopano ya malipiro a ogwira ntchito m'boma, inakweza mtolo wa malipiro. Ndalama zikachepa sangadule malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, sangasiye kubweza ngongole, ndiye mpeni umagwera pa mijigo, makalavati ndi timilatho ta kumudzi. Zomwezonso ndi zomwe anamondwe Ana ndi Freddy anaphwanya. Mlatho waukulu aliyense amauona, nduna imabwera. Mjigo wa kuseri kwa phiri akuudziwa ndi amayi a pamudzipo basi.

Mbewe (Ulónguè):
Zoona a Chisale koma ndale sizindibwezera simenti. Mayi NaPhiri, pa 9 paja atatu phazi lili bwino, ndikhoza kuwabwezeretsa mawa lomwe. Funso ndi lakuti ndikatero alowa pa 7 olipidwawo kapena ndagwira yaulere?

aNgozo:
Mwagwira yaulere. Mpaka adenda itatchula.

Mayi NaPhiri (ofisikaliza ntchito za madzi):
A Ngozo, sindikukana za pepala, koma mjigo wophwasula sungadikire siginecha. Chitsime chosatseka ana amaponyamo miyala, ndipo mwala umodzi ukakakamira pansi ndiye mwataya chitsime chonse. A Mbewe, itanani wofisikaliza wanu, woyang'anira ntchito uja, achite auto de medição (chikalata choyeza ntchito) ya zomwe zachitika kufika lero, mjigo uliwonse pawokha, zithunzi zokhala ndi tsiku, wapampando wa komiti ya madzi asaine. Lembaninso m'buku la obra kuti tsiku lakuti munauzidwa zakuti ndi wakuti. Fatula ya gawo limenelo ilowe tsopano. Mukadikira Disembala, e-SISTAFE (sisitema ya ndalama za boma) ikamatseka chaka, mudzapezeka pa mndandanda wa ngongole za chaka chatha, ndipo mzere umenewo ndi wautali.

aNgozo:
Medição popanda adenda ikuyeza kontirakiti iti? Ya 12 kapena ya 7? Mawa adzakuuzani kuti mwalephera kumaliza 12 pa nthawi yake, akudulani multa (chindapusa), mwinanso dzina lanu n'kulipereka kuti musapikisanenso. Ndinaziona kwa mnzanga wina, munthu wa ntchito yaukhondo, lero akugulitsa mbatata pa msewu wa ku Zóbuè. Iyenso anauzidwa pakamwa.

Madala Banda (Moatize):
Chenjezo lina. Musayerekeze kupempha makomiti kuti asonkhe ndalama zomalizira. Ndalama za komiti ndi zogulira malabala ndi kulipira mekaniki wa m'dera, si zomangira maziko. Mukatenga, mawa boma likalipira, mudzi wonse udzati kontirakita anadya kawiri. Ngati akufuna kuthandiza atute mchenga ndi miyala, koma nyakwawa alengeze yekha pamsonkhano, osati inu.

Chisale (Tsangano):
Ndipo mchengawo muuone. Wa m'dambo wosakanikira dothi umadya simenti. Kwathu kuno timakatenga ku mtsinje ngakhale kuli kutali.

Jere wamng'ono:
Nanga zida mukugula kuti masiku ano? Ine ndimadutsa pa Calómuè kukatenga ku Dedza, ndi kwacha zimatsika mtengo.

Mayi NaPhiri (ofisikaliza ntchito za madzi):
Samalani nazo. Zabwino ziliko, koma kwadzazanso ma U-seal olimba ngati pulasitiki, mwezi umodzi mjigo wayamba kupopa mphepo. Pindani ndi zala musanagule. Marodi yesani ndi maginito: akamata mwamphamvu si sitenilesi weniweni, ndipo kumene madzi ali aukali adzachita dzimbiri, madzi n'kufiira, amayi n'kubwerera ku dambo. Mjigo wozama kufika cha ku mamita 45, komwe ndi malire a Afridev, zida zachinyengo sizichedwa kuonekera.

Chisale (Tsangano):
Komanso lisiti la ku Dedza lilibe NUIT, nambala ya msonkho ya kuno. Pa akaunti yanu IVA (msonkho wa pa katundu) simudzaichotsa, ndiye kutsika mtengo kuja kwathera pomwepo. Paja inatsika kuchoka pa 17% kufika 16% mu 2023, ena mpaka pano akulembabe 17 pa fatula, ikubwezedwa, mwezi wapita.

aNgozo:
A Mbewe, kalata ija mwalemba? Mizere isanu yokha: munandiuza zakuti, ndikupempha mundiyankhe molemba, ntchito yatsopano ndaimitsa kufikira adenda. Ndikutumizireni chitsanzo?

Jere wamng'ono:
Nditumizireninso ine amalume. Ndipo alipo ali ndi kompresa yobwereketsa mbali ya Furancungo sabata yamawa? Yanga yatha mavalavu, ndili ndi zitsime ziwiri zodzaza matope.